Nambala zitatu zoyandikana, iliyonse ndi khalidwe lake

Gulu lathu lowerengera limodzi samu kuno ku Mangochi linasankha nambala imodzi yoti tiifufuze: 2,147,483,647. Anzanga atangoiona anati nambala yaikulu chonchi siingalephere kugawika. Tinayamba ndi njira za ku pulayimale zija. Imathera ndi 7, ndiye 2 ndi 5 sangaigawe. Manambala ake mukawaphatikiza amakwana 46, choncho 3 nayenso wakanika.

Zoona zake n'zakuti palibe nambala yoigawa popanda chotsala, kupatula 1 ndi iyo yomwe. Ndi prime number. Mumaipeza mukalemba 2 kokwana ka 31, n'kuwachulukitsa onsewo, kenako n'kuchotsapo 1. Nambala zamtundu umenewu zimatchulidwa dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France. Koma musathamange, si zonse zopangidwa motere zimene zili prime: ma 2 okwana 11 kuchotsa 1 amapereka 2,047, yomwe ndi 23 × 89.

Amene anatsimikiza za nambala yathuyi ndi Leonhard Euler, katswiri wa samu wa ku Switzerland, m'chaka cha 1772, opanda kakyuleta, maso atayamba kale kumuvuta kwambiri. Ine chimene chinandigwira mtima ndi mmene anachepetsera ntchito. Sipafunika kuyesa kupitirira 46,340, chifukwa 46,341 mukaichulukitsa ndi iyo yomwe yadutsa kale nambala yathu. Komanso anaonetsa kuti prime yoti ingaigawe iyenera kukhala yotsala ndi 1 kapena 63 ikagawidwa ndi 248. Zina zonse anangozilumpha. Kwa ine samu yeniyeni ndi imeneyo, osati kugawa mpaka choko kutha.

Tsono taonani yapambuyo pake, 2,147,483,646. Manambala ake amakwana 45, ndiye 9 amaigawa bwinobwino. Mukaiphwanya mumapeza 2 × 3 × 3 × 7 × 11 × 31 × 151 × 331, ndipo nambala zoigawa zilipo 192. Ukanakhala usipa wofika padoko, alovi awiri, atatu, 7, 11 ngakhale 31 akanagawana popanda mkangano. Ponyanimo kamodzi kokha kena, basi, gawani mmene mungagawire padzatsala ndithu. Ya kutsogolo kwake, 2,147,483,648, ili ndi ma 2 okhaokha m'kati mwake, ndipo zoigawa ndi 32 zokha.

Mnzathu wina amene amakonza mafoni pamsika anatiuza kuti nambala yapakatiyi amaidziwa kale. Ndi malire a nambala zimene kompyuta imasunga m'ma bit 32 (bit ndi kamalo kosunga 0 kapena 1), imodzi ikasiyidwa kuti izisonyeza ngati nambalayo ili pamwamba kapena pansi pa ziro. Makina akale amene amawerenga masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970 adzafika pamalire amenewo pa 19 Januwale 2038, ndipo amene sadzakhala atakonzedwa adzasokoneza deti.