Zikomo anthu a ku Ngabu, mbalame zatera pathandala lathu

Loweruka lapitali, dzuwa lisanatuluke, tinakhala anthu 14 a kalabu yathu yoonera mbalame pansi pa mtengo wa bwemba, tili chete, maso ali pa thandala lathu latsopano lodyetserapo mbalame. Zoyamba kutera zinali njiwa ziwiri. Kenaka kunabwera timpheta tambirimbiri, ndipo kutangoyamba kufunda apumbwa anafika ndi phokoso lawo n'kuyamba kujompha papaya. Mwana wina wa Sitandade 6 anali kulemba zonsezi m'kope, dzanja likunjenjemera ndi chimwemwe. Ndinabwerera kunyumba mtima uli wodzaza, ndipo ndinati sabata ino isathe ndisanathokoze poyera anthu amene atifikitsa pano.

Ambiri a inu mukudziwa kuti thandalali si loyamba. Loyamba tinaliimika mu 2022, m'munsi cha kudambo, poganiza kuti kumeneko n'kumene mbalame zimakonda. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy atafika, madzi anakokolola thandalalo, kope limene tinkalembamo mbalame zonse zimene taona, ndi magalasi athu oonera patali, omwe anali amodzi okhawo. Sindikufuna kuti izi zimveke ngati zazikulu. Masiku amenewo anthu anataya nyumba, ziweto ndi abale awo, ndipo mamembala athu ena anakhala milungu yambiri kumsasa, m'makalasi a sukulu. Palibe amene ankatchulanso za mbalame. Tikuti tipumeko, mu 2024 kunabwera ng'amba, boma n'kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Kuno kuchigwa mabanja ena anabwerera kumadambo kukazula nyika, uku akuopa ng'ona. Ndani akanatsegula pakamwa kupempha mapira oti adyetse njiwa? Kalabu yathu yoonera mbalame inangotsala dzina.

Choncho oyamba kuwathokoza ndi amfumu athu. Ndinapita kwa iwo ndili ndi mantha kuti andiona ngati munthu wosadziwa mavuto a m'mudzi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati malo atipatsa, apamtunda pomwe madzi sanafikepo, koma choyamba nkhaniyi ikambidwe pabwalo, alimi ali pomwepo. Amfumu, munatipulumutsa ku mkangano umene ife sitinkauona.

Pabwalopo panaimirira mayi wina wolima mapira, ndipo mawu ake sindidzawaiwala. Anati, "Aphunzitsi, ife timalawirira kumunda ndi zitini kukaingitsa mbalame, ana athu mpaka kujomba kusukulu, ndiye inu mukufuna muziziitana ndi chakudya?" Bwalo lonse linang'ung'udza movomereza. Mayiwo ankanena zoona. Aliyense amene anaonapo chigulu cha timbalame chikutera m'munda wa mapira kapena wa mchewere pamene ngala zikukhwima amadziwa kuti thukuta la chaka chonse likhoza kutha m'masiku ochepa. Tinakambirana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo tinamanga mfundo iyi: kuyambira pamene mapira amasula mpaka anthu atakolola, pathandala sipaikidwa njere ngakhale imodzi, pamangokhala madzi ndi zipatso. Malowo akhalenso kutali ndi minda. Mayi, funso lanu linali lowawa, koma ndi limene lapangitsa kuti thandalali likhale la mudzi wonse. Ndipo sindinaiwale kuti mutakolola, munali inu oyamba kutitumizira lichero la zotsalira popeta.

Bambo wopala matabwa wa pamsika anangotilipiritsa misomali yokha. Iwo ndi amene anaumirira kuti thandala likhale lalitali kufika pachifuwa cha munthu wamkulu, likhale ndi kadenga ka udzu kuti njere zisanyowe, ndiponso kuti mizati tiikulunge ndi malata osalala kuti makoswe ndi amphaka aziterereka. Kunsi kwa mizati anapakako oyilo wakutha chifukwa chiswe cha kuno sichichedwa. Pansi pa thandala anasiya timipata kuti madzi a mvula azidutsa. Zikomo bambo. Zikomonso achimwene a kuchigayo, amene Lachisanu lililonse mumatisungira zosesa ndi gaga pang'ono, ndipo mumaonetsetsa kuti si za chimanga chothira mankhwala a anankafumbwe, poti zimenezo zikhoza kupha mbalame zomwe tikufuna kusamala.

Koma amene anatitsegula maso kwenikweni ndi agogo ena oumba miphika. Ife maganizo athu onse anali pa chakudya. Iwo atabwera kudzaona, anazungulira thandala, n'kufunsa kuti, "Nanga zimwa chiyani?" Kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, mitsinje ing'onoing'ono imasanduka mchenga, ndipo mbalame mumaziona zitayasama kukamwa pamthunzi, mapiko atagwa. Patatha sabata, agogowo anabwera atasenza mbale zitatu zadothi, zotakata koma zosazama, moti madzi ake sapitirira mfundo ziwiri za chala. Anatiuza kuti pakati tiziikapo mwala kuti timbalame ting'onoting'ono tizipeza poponda. Mbale yadothi imasunga madzi ozizira kusiyana ndi beseni lapulasitiki limene ife tinkafuna kugula. Chiikireni mbalezo, kukubwera mbalame zimene sizinayang'anepo n'komwe mapira athu: atimba, achoso okonda timadzi ta m'maluwa, ngakhale gogomole anatsika tsiku lina kudzamwa. Nkhwali zimabwera madzulo, zikuyenda mochenjera kuchokera m'tchire, n'kumwa m'mbale imene tinaika pansi. Ine ndaphunzira kuti m'chigwa muno, ukafuna kuitana mbalame, yamba ndi madzi. Agogo, ndalama munakana, munati tidzangokuitanani pakabwera mbalame yachilendo. Lonjezo limenelo tilisunga.

Madziwo anabweretsanso nkhawa ina, ndipo pano ndithokoze a zaumoyo a m'dera lathu. Anatichenjeza kuti madzi ongokhala ndi nyumba ya udzudzu, ndipo malungo kuno sitichita kuuzidwa. Tsopano mbale zimakhuthulidwa, kutsukidwa ndi mchenga ndi kuyanikidwa padzuwa pakangopita masiku awiri. Alangizi a ziweto nawo anatiuza kuti nkhuku za m'mudzi zisamadye pamodzi ndi mbalame zakutchire, poopa kupatsirana matenda monga chitopa, ndiye tinamanga kampanda ka minga kuzungulira malowo. Chakudya timaika chochepa, choti chithe tsiku lomwelo. Chikachita nkhungu timakwirira. Nsima yotsala ndi chilichonse chamchere sitiikapo.

Pali bambo wina wachikulire amene anagwira ntchito yolondera nyama zakutchire kwa zaka zambiri asanapume. Iwo ndi amene amaphunzitsa ana athu kukhala chete, kuyang'ana mlomo, mchira ndi kaulukidwe, komanso kuzindikira mbalame ndi kulira kwake isanaoneke. Anawauza kuti anamzeze ena amene timawaona nthawi ya dzinja amachokera ku Ulaya, kuwoloka nyanja ndi chipululu cha Sahara, ndipo ana anakhala kukamwa kuli yasa. Anawafotokozeranso kuti dambo la Elephant Marsh, lomwe makolo awo amaphako nsomba, linalowa m'gulu la madambo ofunika padziko lonse pansi pa mgwirizano wa Ramsar mu 2017, ndipo china mwa zifukwa zake ndi kuchuluka kwa mbalame zam'madzi. Zimandipweteka kuti alendo amatsika phiri kuchokera ku Blantyre, ena kuchokera kunja kwenikweni, kudzaona mbalame ku Lengwe ndi ku Majete, pomwe ana obadwira pano ambiri sanalowepo pachipata cha nkhalangozi. Thandalali ndi poyambira pawo. Bambo, mwatibwereka magalasi anu oonera patali popanda kutiikira tsiku lobweza. Mulungu akudalitseni.

Ndasiyira dala kumapeto anyamata a malegeni. Titangoimika thandala, anthu anatiuza kuti tawatchera ndiwo pamalo amodzi, ndipo sabata yoyamba tinapezadi nthenga pansi ndi ulimbo panthambi ya bwemba. Sindinawakalipire. Ndikudziwa kuti m'nyumba zina kampheta kootcha ndi ndiwo yokhayo ya tsikulo, ndipo inenso ndinakula ndi legeni m'khosi. Tinangowaitana kuti adzakhale nafe m'mawa umodzi. Zimene tinapeza n'zakuti anyamatawa amadziwa mbalame kuposa tonsefe: kumene imagona, nthawi imene imamwa, chisa chake, mazira ake. Mmodzi mwa iwo, amene anzake amati saphonya, ndi amene tsopano amasunga kope latsopano, ndipo ndi iye analamula anzake kuti kuyambira pa bwemba mpaka pa mlambe wa kunjira, legeni izikhala m'thumba. Loweruka lija njiwa inatera pafupi kwambiri ndi phazi lake, iye osagwedezeka, n'kungondiyang'ana akumwetulira. Ana anga, zikomo. Makolo awo, zikomo powalola kubwera ngakhale ntchito zapakhomo zili zambiri.

Amayi a pamjigo amene mumatilola kudumpha mzere ndi ndowa imodzi ya mbalame, aphunzitsi anzanga amene munasonkha ndalama ya makope ndi mapensulo, mlongo wathu wa ku Nchalo amene munatumiza buku la zithunzi za mbalame m'malo mwa lathu limene linapita ndi madzi, ndi abale a ku Bangula amene munabwera pa minibasi kudzangotilimbikitsa, nonsenu landirani kuthokoza kwathu. Kwa abale athu achisena ndinene m'chinenero chanu: takhuta.

Timakumana Loweruka lililonse 5 koloko m'mawa pa bwemba paja, ndipo pofika 7 koloko timakhala tabalalika dzuwa lisanakalipe. Aliyense ndi wolandiridwa. Valani zovala zosawala kwambiri, foni muitseke mawu, ndipo ngati kwanu kuli masau, papaya lakupsa kwambiri kapena zotsalira popeta, tengani pang'ono. Agogo oumba miphika aja atumiza uthenga kuti mbale yachinayi yauma, ikungodikira kuwotcha, ndipo tikufuna mnyamata mmodzi wanjinga woti akaitenge Lachinayi.