Tsiku limene kompyuta inandiyankha kuti inf

Mwezi uno ndakhala ndikuphunzira Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pa kompyuta, madzulo ndikaweruka ku Chitakale. Zitsanzo za m'buku zinanditopetsa, choncho ndinabwereka kwa amalume kope la kalabu yawo ya alimi a tiyi. M'kopemo amalemba makilogalamu a masamba amene mlimi wathyola ndi kukula kwa munda wake m'mahekitala. Ndinkafuna kugawa makilogalamu ndi mahekitala, kenako ndipeze avareji ya kalabu yonse.

Yankho linabwera la zilembo zitatu: inf.

Ndinaganiza kuti pali malo amene ndasiya osalemba, ndiye ndinafufuza ndi isna, lamulo lofufuzira malo osalemba la mu pandas, chida cha Python chosanthulira matebulo a manambala. Sinapeze kanthu. Ndinayesa kuchotsera avarejiyo pa zokolola za mlimi aliyense, koma mizere yonse inasanduka -inf, kupatula umodzi umene unalemba NaN. Ikaola imodzi zaola zonse. Mzere umodziwo unali wa mayi wina amene munda wawo unalembedwa 0.

Chinandizunguza mutu n'chakuti mu Python weniweni ukalemba 1.0 / 0.0, pulogalamu imaima n'kukuuza kuti ZeroDivisionError. Koma pandas ndi NumPy, chida china cha Python chowerengera manambala, zimangopitiriza, monganso chilankhulo cha JavaScript, chifukwa zimatsata muyezo wa IEEE 754 wa mu 1985, umene William Kahan anathandiza kwambiri kuukonza. Muyezowu umati nambala yoposa ziro ikagawidwa ndi ziro, yankho ndi infinity (mwachidule inf), nambala yopanda malire. Ikakhala yochepera ziro, yankho ndi -inf.

Apa ndi pamene ndinakhalitsa, chiperoni chikuwaza panja. Mu Python, nambala ya float, yokhala ndi kadontho monga 1.0, imasungidwa m'mabiti 64, ndipo biti iliyonse imakhala 0 kapena 1. Biti imodzi imanena ngati ili pamwamba kapena pansi pa ziro, 11 amasunga kukula kwake, ndipo 52 otsalawo amasunga manambala ake enieniwo. Mabiti 11 aja akakhala 1 onse, 52 aja n'kukhala 0 onse, imeneyo ndi inf. Koma pa 52 paja pakangopezeka 1 mmodzi yekha, yasanduka NaN, kutanthauza kuti si nambala n'komwe. Ndi abale a bere limodzi, koma isna imazindikira NaN yekha. N'chifukwa chake inandidutsitsa. Ndinamvetsanso mzere wa mayi aja: inf kuchotsa inf, yankho ndi NaN.

Ziro si khomo lokhalo lolowera inf. Nambala yaikulu kwambiri imene float ingasunge ndi pafupifupi 1.8 kuchulukitsa ndi 10 wa mphamvu 308. Lembani 1e308 * 10 mu Python, mupeza inf mwakachetechete, popanda chenjezo.

Pofuna kugwira inf, poyamba ndinalemba x == float('inf'), ndipo zinagwira, koma -inf inapulumuka. Ya math.isinf imagwira zonse ziwiri. Ine ndakonda math.isfinite, chifukwa imakana inf, -inf ndi NaN nthawi imodzi, ndipo pa mndandanda wonse pali np.isfinite ya NumPy. NaN musamuyese ndi ==, poti salingana ngakhale ndi iye mwini.

Mnzanga wina anati ndingoika 0 paliponse pali inf. Ndinakana. Kutero n'kunena kuti mayi aja sanathyole kanthu, pamene makilogalamu awo ali m'kope, ndipo avareji ya kalabu ikanatsika pa bodza.

Loweruka ndinapita ndi kope lija kwa amalume.

"Amalume, munda wa mayi awa ndi waukulu bwanji?"

"Mphwanga, amenewo alowa chaka chino. Alangizi sanabwere kudzayeza, ndiye mlembi anangoika ziro kuti pasakhale pobooka."

Tsopano pulogalamu yanga imayang'ana mahekitala isanagawe. Mzere wa ziro imaupatula pa mndandanda wa minda yosayezedwa, ndipo ikagawa imafufuzanso ndi np.isfinite isanapeze avareji. Mndandandawo ndaulemba papepala, amalume apita nawo ku msonkhano wa kalabu Lachiwiri.