Mlendo wathyoka mwendo pa Chingole

Nsapato ya kuphiri imene yakhala zaka m'kabati osavalidwa ndi yoopsa kuposa yomwe yatha ndi kuyenda. Ogulitsa pa kaunjika sangakuuzeni zimenezi, mwinanso sadziwa n'komwe. Iwo amangoitembenuza n'kukuonetsani kunsi: "Taonani bwana, mano onse alipo, mwini wake sanaipondetse pansi." Ndipo sakunama ayi. Vuto lili pakati, pa chinkhupule chija chimene chimalumikiza chikopa ndi soli. Pa nsapato zambiri za kuphiri chinkhupulecho ndi cha polyurethane, chomwe chimamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono mpaka kufumbutuka. Nsapato yoyenda imachedwa kufika pamenepo. Yongokhala imaolera m'kati, kunja ikunyezimira. Yanga inkanyezimira kwambiri, ndipo ndinapita nayo ku Chizumulu.

Chizumulu ndi kachilumba ka pa Nyanja ya Malawi, ka masikweya kilomita 3 okha, mng'ono wake wa Likoma. Zilumba ziwirizi ndi nthaka ya Malawi, koma madzi ozizungulira ndi a Mozambique. Galimoto kulibe. Kuli tinjira ta miyendo, minda ya chinangwa m'mphepete mwa mapiri, milambe, ndi njira yozungulira chilumba chonse imene munthu woyenda bwino amaimaliza m'maola atatu. Phiri lalitali ndi Chingole. Si lalitali moti n'kuopsa, koma ndi la miyala, ndipo mu Okutobala miyalayo imatentha moti simungaigwire ndi dzanja dzuwa likafika paliwombo.

Sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, sifika kumtunda pa Chizumulu. Imaima pakuya, anthu n'kutsikira m'maboti, kawirikawiri kuli mdima, pamodzi ndi matumba a ufa, malata, nkhuku ndi makireti. Boti likayandikira gombe mumalumphira m'madzi, ofika m'mawondo kapena m'chiuno malinga ndi mafunde. Odziwa amakulunga foni ndi ndalama m'majumbo awiri, chikwama pamutu, nsapato amamanga zingwe n'kukoleka m'khosi, kumapazi patapata. Ine ndinatsika nditavala, chifukwa pa lilime la nsapatoyo panalembedwa kuti silowa madzi. Zoonadi m'mbali simunalowe kanthu. Madzi analowera pamwamba, ndipo nsapato yosalowa madzi situlutsanso madzi. Kutacha ndinaziyanika pa thanthwe tsiku lonse, padzuwa la kunyanja. Nsapato yonyowa amaiyanika pamthunzi podutsa mphepo, atachotsa kansalu kopondapo kam'kati ndi kuikamo mapepala. Dzuwa limafewetsa guluu. Ndiye chinkhupule chinali chitafa kale, ine ndinangothandiza kukumba manda.

Ulendo wa kuphiri umayamba 5 koloko m'mawa, kuti pofika 9 mukhale mukutsika. Madzi malita atatu munthu mmodzi, owiritsa kapena othira mankhwala, chifukwa pamwamba palibe kasupe woti mudalire. Botolo limodzi muthiremo masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya mchere pa lita, kuti thukuta lisakusiyeni ndi mutu ndi kukokana kwa minyewa. Chipewa, mtedza, chinangwa chophika. Ndipo tengani mwana wa komweko, chifukwa tinjira tambiri timathera m'munda mwa munthu. Wanga anali mdzukulu wa mayi amene ndinkagona pakhomo pawo, mnyamata wa Sitandade 7, atavala patapata wa mitundu iwiri. Anayang'ana nsapato zanga nthawi yaitali ndithu. Ndinayesa akusirira.

Chizindikiro choyamba chinali nkhuku. Tikudutsa nyumba zomalizira, nkhuku zitatu zinayamba kutilondola, zikujompha pansi paliponse pomwe ndaponda. Nditacheuka ndinaona timibulu takuda tili ndondondo m'njira. Ndinati ndi mbuzi zadutsa. Mnyamata uja anatola kamodzi, n'kukafikisa pa zala, kenaka n'kununkhiza.

"Bambo, nsapato yanu ikugwetsa ufa."

Ndinamuuza kuti nsapato zotere ndi mmene zimachitira zikakhala zatsopano. Anavomera mwaulemu, monga mwana woleredwa bwino.

Patapita mwina theka la ola, ya kumanzere inayamba kuseka. Kutsogolo kwake kunayasama, ndipo ndikaponda inkalira kuti phwa, ndikanyamula phazi inkameza timiyala. Apa ndi pamene munthu ayenera kuima n'kumanga nthawi yomweyo, soli isanachoke yonse, chifukwa ikangoyasama kutsogolo, kuponda kulikonse kumaisenda chobwerera m'mbuyo. Ndinali ndi kachubu ka supa guluu m'chikwama. Musavutike nako. Supa guluu amauma gwa, pamene nsapato imapindika pa sitepe iliyonse, ndiponso palibe chimene angagwire pa chinthu chofumbutuka. Anagwira zala zanga ziwiri basi, chachikulu ndi cholozera, ndipo ndinakwera mtunda wotsalawo dzanja lamanja likuoneka ngati ndikuuza anthu kuti zonse zili bwino.

Pamwamba tinafika. Likoma anaonekera kum'mawa, kuseri kwake mapiri a Mozambique, ndipo panyanja patali panali utsi wakuda umene mlendo amayesa sitima ikupsa, chonsecho ndi nkhungu, tizilombo touluka tija timene anthu amagwira n'kupanga ndiwo. Ndinakwera pa mwala kuti mnyamata andijambule. Nditatsika, soli inatsalira pamwalapo, yokhayokha, itayang'ana ku Mozambique.

Soli ya nsapato ya kuphiri pamodzi ndi chinkhupule chake imakwana masentimita atatu, mwinanso kuposa ku chidendene. Ikachoka imodzi, mwendo umodzi umafupika ndi muyeso womwewo. Kunsi kumatsala kansalu kolimba koterera, kamene pa thanthwe lotsetsereka sikagwira kanthu. Njira zopulumukira pamenepo zilipo. Yabwino ndi malegeni: chubu cha njinga chodula mizere ya masentimita awiri kapena atatu, kukulunga soli ndi nsapato pamodzi pa malo awiri, kuseri kwa zala ndi pakati pa phazi, chingwe china n'kudutsitsa kuseri kwa chidendene. Osakoka kwambiri, phazi limachita dzanzi. Miyala imadula mphirayo msanga, choncho mizere itatu kapena inayi yapadera iyenera kukhala m'thumba. Njira ina ndi kuvala sokosi yokhuthala kunja kwa nsapato kuti igwire soli. Ife tinalibe chubu, ndipo sokosi zinali zomwe ndinavalazo. Tinamanga ndi luzi. Luzi linadukira pa mwala wachitatu, soli n'kugubuduka kulowa m'mpata wa matanthwe momwe ngakhale mkono wa mwana sunafike.

Mnyamata anandipatsa patapata wake. Anandifika theka la phazi. Ndiye ndinati athamange kunyumba akanditengere wanga, ine ndizitsika pang'onopang'ono. Mawu amene ndinamutuma anali akuti: "Ukawauze agogo kuti nsapato yathyoka."

Sindimunena mwanayo. Iye akuti ananena bwinobwino. Koma uthenga unadutsa pa mjigo, kenaka pa thandala pomwe amayi ankayanika usipa, kenaka pa bawo. Ndipo mayi wina amene ankazula chinangwa m'munsi mwa phiri anali atandiona ndi maso ake ndikutsika chotsimphina, thukuta kamukamu, dzanja lopiringizika, ndikuyankhula ndekha. Umboni unakwana.

Ndikutulukira pa mlambe wina, ndinakumana ndi chigulu chikukwera. Kutsogolo amuna anayi atanyamula chitseko. Pambuyo pawo agogo aja ndi ketulo ya madzi otentha ndi chitenje. Kenaka bambo wina wachikulire ndi timitengo tiwiri tosema bwino ndi nsanza, pambuyo pake ana osawerengeka, ndi galu.

"Khalani pansi bambo, musauponderenso!"

"Pepani, ine ndili bwinobwino. Ndi nsapato chabe."

"Ndi mmene amanenera onse," anatero mkulu wa timitengo. "Ululu sunafike. Ukafika mulira."

Ndinayesa kulumpha kuti aone. Kulumpha ndi nsapato zosiyana msinkhu pa njira ya miyala ndi chinthu choti musadzayese pamaso pa anthu. Ndinatera chammbali, ndinakhala pansi mosafuna, ndipo amayi awiri anakuwa. Asanandifunsenso anali atandivula nsapato, agogo ayamba kundithowa ndi madzi otentha. Anathowa mwendo wakumanja, wabwinobwino, chifukwa ndi umene unkaoneka wautali, ndiye anati watupa. Mkulu uja anagwira dzanja langa, anayesa kulekanitsa zala, zinakana. Anapukusa mutu n'kunena chapansipansi kuti zafika ku mitsempha.

Amene anandipulumutsa ndi mnyamata uja, atafika wefuwefu ndi patapata. Ananyamula nsapato ija n'kuionetsa gulu kunsi kwake. Kunali zii kwa kanthawi. Kenaka mayi wina anayamba kuseka mpaka kukhala pansi, ndipo phiri lonse linatsatira. Amuna a chitseko okha ndi amene sanaseke. Chitsekocho anali atachizula pa nyumba ya munthu, ndipo mmodzi anati sangakwere nacho phiri n'kutsika nacho chopanda kanthu. Tinagwirizana kuti chinyamule chikwama changa ndi nsapato. Ndi momwe tinalowera m'mudzi: nsapato pa machira, mwini wake pambuyo, mwendo umodzi wofiira ndi madzi otentha.

Wokonza anapezeka kugombe, bambo wosoka maukonde a chilimira. Anayamba ndi nsapato yakumanja, yomwe ine ndinkati ndi yamoyo. Anakanikiza chikhadabo pa chinkhupule, chinalowa osabwerera. Anaipinda, timing'alu tinaoneka m'mbali monse. Anaipotokola kamodzi, soli inatsala m'manja mwake. Mayeso atatu amenewa ndi oti muzichitira pa kaunjika pomwepo musanatulutse ndalama, ndipo muyang'anenso kachikalata ka pa lilime, chifukwa nsapato zambiri zimalembedwa mwezi ndi chaka chimene zinapangidwa. Yopitirira zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu, ngakhale ikuwala bwanji, isiyeni. Chinkhupule chomata m'zala kapena chosiya ufa wakuda ndiye musafunsenso mtengo.

Kakonzedwe kake kanali kotere. Anapala chinkhupule chonse ndi mpeni mpaka kufika pa chikopa cholimba, chifukwa chotsalira chilichonse chimapitiriza kufumbutuka pansi pa soli yatsopano. Anaika nsapato pa chidutswa cha tayala lakale, lija amapachika m'mbali mwa boti, n'kulemberera ndi khala, kusiya theka la sentimita kuzungulira. Gawo la tayala loyenera ndi la m'mbali, lopanda mawaya. La pakati pomwe pamaponda msewu lili ndi waya amene amaononga mpeni ndi phazi lomwe. Kenaka anasema kangalande kosaya kunsi, kuzungulira m'mphepete, kuti ulusi ubisalemo. Ulusi woonekera kunja miyala imaudya tsiku limodzi. Singano yake inali sipoko ya njinga yonola, yokhala ndi kambedza kunsonga. Amaboola kuchokera kunsi, kukola ulusi wam'kati, kuukokera kunja, kupisamo wakunja, n'kukoka onse awiri mpaka mfundo ibisale pakati. Mabowo motalikirana pafupifupi sentimita imodzi. Ulusi unali wa nayiloni wosokera ukonde, wopindidwa kawiri. Guluu sanagwiritse n'komwe. Anati guluu ndi wa anthu a kumtunda, amene nsapato zawo sizidziwa nyanja.

Pomaliza anandiuza kuti zala ndiziviike m'madzi ofunda a sopo n'kumazipukusa pang'onopang'ono, osakoka, ndipo zinalekana khungu lili lonse.

Nsapato zinatuluka zolemera, zolimba, zonunkha usipa. Pa miyala youma zimagwira bwino kuposa kale. Pa thanthwe lonyowa la m'mphepete mwa nyanja zimaterera, ndipo mabowo a ulusi amalowetsa madzi ndi mchenga, choncho pagombe ndi bwino kuzivula. Kuvulako kukhale m'mawa kapena madzulo, chifukwa mchenga wa masana umawotcha mapazi mpaka matuza. Posamba sankhani pa mchenga poyera pomwe mafunde amamenya, osati m'mabango ndi m'madzi odikha momwe mumakhala nkhono za likodzo, ndipo funsani eni mudzi za ng'ona musanalowe paliponse. Mukabwerera kwanu, pakatha miyezi iwiri kayezetseni likodzo ngakhale musakumva kanthu.

Kuchoka pa Chizumulu kupita ku Likoma pamayenda maboti a anthu wamba, ndipo nthawi yonyamuka amalamula ndi mphepo. Mwera ukawomba, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mutha kudikira mpaka mawa. Ine ndinkafuna kukaona tchalitchi cha St Peter's pa Chipyela, chija anayamba kumanga mu 1903, ndi kuyenda magombe a kumwera kwa chilumbacho. Ndinafika pagombe boti litadzaza kale, anthu atakhala pa matumba a usipa, ena m'mphepete miyendo ili lende. Woyendetsa, munthu wa ku Likoma amene sindinamuonepo, anandiyang'ana nkhope, kenaka miyendo.

"Ndinu aja munagwa pa Chingole? Kwathu tinamva kuti anakutengani pa chitseko. Mwayamba kale kuyenda?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze. Koma iye anali atatembenuka kale, akukalipira mnyamata wina amene anakhala pa thabwa lokhalo la pamthunzi wa thanga: "Iwe, tanyamuka apo, sukuona odwala?"

Ndinayang'ana thabwalo, ndinayang'ana dzuwa, ndinayang'ana matumba a usipa. Ndinalowa m'madzi chotsimphina, anthu awiri atandigwira m'khwapa. Tili pakati pa nyanja mayi wina anandifunsa kuti wothyokawo ndi uti, ndipo ndinayenera kuganiza kaye ndisanaloze.