Zikomo kwa onse amene anatithandiza makoswe athu atadwala chifuwa

Ife amene timaweta makoswe oyera ndi amawangamawanga kuno ku Ulónguè ndi m'midzi yoyandikira tikufuna kuthokoza poyera. Chisanu cha Juni ndi Julayi chinalowetsa matenda a m'chifuwa m'makola mwathu. Ena anafa, makamaka okalamba, koma ambiri achira, ayambanso kudya bwino ndi kukwera mawaya. Sakanachira pakanapanda anthu amene anavomera kuti kanyama kosakwana theka la kilo nakonso n'koyenera chithandizo chenicheni.

Tiyambe ndi inu alangizi a ziweto a ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi ndi chuma m'dera lathu. Ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku ndi ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku, koma simunatiseke kapena kutibayira jekeseni wa ng'ombe kuti tichoke. Munatilumikiza ndi a dokotala a ziweto a mumzinda wa Tete. A dokotala, zikomo kwambiri. Zimene munatiphunzitsa tikuzilemba pano kuti zithandizenso ena.

Gwero la vutoli ndi kachilombo kotchedwa Mycoplasma pulmonis. Pafupifupi khoswe aliyense woweta ali nako kuyambira ali wakhanda, chifukwa amakatengera kwa mayi ake. Kamakhala phee m'mphuno ndi pakhosi mpaka thupi litafooka ndi utsi, fumbi, fungo la mkodzo, kuzizira kapena ukalamba, kenaka kamatsikira m'mapapo n'kutsegulira njira tizilombo tina toyambitsa chibayo. Kachilomboka kalibe khoma lakunja limene penisilini ndi amoxicillin amaphwanya, n'chifukwa chake makapisozi amene ambiri amathamangira kugula pamsika sakagonjetsa. Amoxicillin amathandiza pa tizilombo tina tija basi, ndipo woyenera kuona ngati akufunika ndi dokotala.

Mankhwala amene amagwira ntchito kwambiri ndi doxycycline ndi enrofloxacin, ndipo matenda akakula amaperekedwa onse pamodzi. Mlingo wodziwika ndi 5 mg ya doxycycline ndi 10 mg ya enrofloxacin pa kilo imodzi ya thupi, kawiri pa tsiku. Apa ndi pamene sikelo imafunika. Khoswe wa magalamu 400 amafuna 2 mg yokha ya doxycycline, pamene piritsi limodzi la anthu la 100 mg ndi kuchulukitsa mlingowo ka 50. Enrofloxacin wa nkhuku wa 10% ali ndi 100 mg mu mililita imodzi, kutanthauza kuti khoswe yemweyo amafuna 0.04 ml, kadontho kosatheka kuyeza ndi maso. A dokotala anatisonyeza kusungunula: 1 ml ya mankhwala mu 9 ml ya madzi owiritsa ozizira, kenaka kumwetsa 0.4 ml. Piritsi la doxycycline kulisinja n'kuliika mu 10 ml ya madzi, kukhutchumula bwino nthawi iliyonse, n'kumwetsa 0.2 ml. Osungunula otere amasungidwa pozizira, pamdima, ndipo pakatha sabata amatayidwa n'kupanga ena.

Ziwerengerozi tazilemba kuti muone kuchepa kwa mlingo wake, osati kuti aliyense azidzipangira. Khoswe wabere, woyamwitsa kapena wosakwana miyezi 4 sapatsidwa mankhwala awiriwa mwachisawawa, chifukwa angawononge mano ndi mfundo za mafupa omwe akukula. Amenewo dokotala amawasankhira ena.

Pali zinthu zitatu zimene zimalepheretsa mankhwala ngakhale ali oyenera. Choyamba ndi kuthira m'madzi akumwa. Khoswe wodwala amamwa pang'ono, ndipo madzi akawawa amawasiyiratu, choncho amatha ndi ludzu komanso osalandira mlingo. Mwetsani ndi sirinji, m'mbali mwa kamwa kuseri kwa mano akutsogolo, pang'onopang'ono, kapena sakanizani ndi nthochi yofinya yochepa kuti aimalize yonse. Chachiwiri ndi mkaka: umamanga doxycycline m'mimba kuti asalowe m'magazi, ndiye pazidutsa maola 2 pakati pa mankhwala ndi chilichonse cha mkaka. Chachitatu, chomwe chimatipweteka mtima kwambiri, ndi kusiya msanga. Pakatha masiku 4 kapena 5 khoswe amaoneka bwino, mwini wake n'kuleka. Matendawa amafuna masabata 3 kapena 4 osadumphitsa, ndipo akabwerera chifukwa chosiyira panjira amakhala ovuta kuposa poyamba. Ngati patha masiku 5 popanda kusintha, bwererani kwa dokotala, musawonjezere mlingo nokha.

Mayi a ku farmácia, kogulitsira mankhwala, zikomo potisungira masirinji a 1 ml komanso pokana kutigulitsa mankhwala popanda kapepala ka dokotala.

Zizindikiro zake ambiri timachedwa kuziona, chifukwa khoswe amabisa ululu. Kuyetsemula mwa apo ndi apo si vuto, koma kuyetsemula tsiku lonse n'chiyambi. Zofiira zimene zimatuluka m'maso ndi m'mphuno si magazi. Ndi madzi ochokera m'kachiwalo ka kuseri kwa diso, ndipo akachuluka amasonyeza kuti thupi silili bwino. Ikani khoswe pakhutu, mbali zonse ziwiri za nthiti: wathanzi samveka phokoso lachilendo, wodwala amamveka kukhuluza kapena kulira ngati nkhunda. Ubweya umaima, msana umapindika, nthiti zimakoka kwambiri popuma. Muyezeni sabata iliyonse pa sikelo ya kukhitchini. Akataya magalamu 40 pa 400, matenda alowa kale. Khoswe amapumira m'mphuno, choncho mukamuona akupuma ndi kamwa yasa, mapazi ndi mchira zitatuwa kapena kuzizira, musadikire mawa. Musamumwetse chilichonse mokakamiza pa nthawi imeneyo, angatsamwe.

Madalaivala ndi makondakitala a chapa (maminibasi) amene munalola kabokosi kukhala pamiyendo m'malo moponyedwa pakatundu, Mulungu akudalitseni. Ulendo wochoka kuno kutsikira ku Moatize mpaka ku Tete ndi woopsa kwa khoswe wodwala, chifukwa umachoka kozizira n'kulowa m'chigwa chotentha cha Zambezi. Makoswe amakhala bwino pa madigiri 18 mpaka 26, ndipo kukafika 30 amayamba kuvutika. Nyamukani m'bandakucha, bokosi likhale ndi mabowo ambiri, litalikirane ndi dzuwa la pawindo, ndipo muikemo kachidutswa ka nkhaka kapena chivwende m'malo mwa mbale ya madzi.

Abambo amisiri a matabwa, kwa zaka mwakhala mukutipatsa utuchi mwaulere ndipo tikuthokoza. Tikuthokozanso kuti munamvetsa titasiya kutenga. Utuchi wa paini uli ndi mafuta onunkhira amene amapsereza njira ya mpweya, ndipo utuchi wosalala wa mtengo uliwonse ndi fumbi lokhalokha. Tsopano timayala mapepala ong'amba ndi nsalu zakale zochapa. Mdani wamkulu kuposa utuchi ndi mkodzo. Ukakhalitsa umatulutsa amoniya, mpweya wa fungo loyabwa umene umawononga timaubweya ta m'njira ya mpweya tomwe timakankhira mamina ndi tizilombo kunja. Kuti mudziwe, tsitsani mphuno yanu pansi pa khola pamene khoswe amagona. Maso akayabwa, iyeyo wakhala akupuma zimenezo usiku wonse. Chotsani zonyowa tsiku lililonse, sinthani zoyala zonse kawiri pa sabata, ndipo mukatsuka ndi jiki tsukuluzani bwino n'kuyanika mpaka fungo lithe. Khola likhale la mawaya. Chidebe, beseni lakuya kapena mgolo wovindikira zimasunga amoniya pansi. M'chisanu phimbani mbali zitatu ndi bulangete, mbali imodzi ikhale yotsegula.

Anansi athu ndi apabanja pathu, zikomo posuntha mbaula ndi makoyilo a udzudzu kuchoka m'zipinda za makola, potiuza tsiku lopopera mankhwala m'nyumba kuti titulutse ziweto, komanso potichenjeza musanathire poizoni wa makoswe a m'nkhokwe. Amenewo ifenso sitiwafuna pafupi, chifukwa amabweretsa nthata, utitiri ndi matenda ena. Ngakhale inu amene poyamba munkadabwa kuti munthu n'kulipira chapa chifukwa cha khoswe, munabwera kudzafunsa kuti akupeza bwanji. Ena munatikumbutsa za abwampini ophunzitsidwa a bungwe la APOPO, amene anathandiza kufufuza mabomba okwiriridwa mpaka dziko lathu la Mozambique linalengezedwa mu 2015 kuti ntchitoyo yatha. Mawu amenewo anatilimbikitsa.

Tinene zoona kwa amene ayamba kumene kuweta: mankhwala amachepetsa kachilomboka koma sakathetseratu. Khoswe amakhala zaka 2 kapena 3, ndipo amene anadwalapo kwambiri amatsala ndi zipsera m'mapapo, choncho akhoza kudwalanso chisanu chikubwerachi. Wodwala musamupatule kwa anzake pokhapokha ngati akumulanda chakudya, chifukwa anzakewo ali nako kale kachilomboka, ndipo akatsala yekha amasiya kudya. Mupatseni phala lofunda, dzira lophika ndi nthochi. Chiponde chikhale chosungunula, cholimba chimatsamwitsa ndipo khoswe satha kusanza. Woyenera kupatulidwa ndi khoswe wachilendo: masabata 3 m'nyumba ina, osati m'chipinda china chabe, ndipo muzisamba m'manja ndi kusintha malaya musanapite kwa akale.

Sikelo ndi masirinji otsala zili ndi gulu lathu ndipo aliyense akhoza kubwereka. Mukamatilembera kapena popita kwa dokotala, konzeranitu kulemera kwa khoswe m'magalamu, msinkhu wake, tsiku limene anayamba kudwala, zimene mumayala m'khola, ndi dzina la mankhwala alionse amene mwamupatsa kale.