Fisi wa sokosi pa benchi ku Lyon

Lachitatu usiku, ana agona.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi ndili kwa achimwene kuno ku Villeurbanne, pafupi ndi Lyon ku France, ndipo mpaka m'mawa uno kamwana kawo kakang'ono kanali kasanandiyankhulepo ngakhale liwu limodzi. Ndikati "bwera kwa azakhali", kamathawira kuseri kwa miyendo ya mayi ake n'kumandisuzumira ngati ndabwera kudzalanda nyumba. Mlongo wake wa zaka 7 ndi waulemu: amandipsompsona masaya onse awiri monga amachitira kuno, n'kunena kuti "bonjour tata", kutanthauza kuti moni azakhali, nkhani n'kuthera pomwepo. Iye Chichewa amangomva "zikomo" ndi "tiye", ine Chifalansa changa chimathera pa moni. Magazi amodzi, koma patebulo timangomwetulirana ngati anthu okumana mu minibasi.

Zidole ndinabwera nazo. Kusukulu yamkaka kumene ndimaphunzitsa ku Dedza ndili ndi Kalulu ndi Fisi amene ndinasoka ndekha, wina wa sokosi yoyera ya makutu a chitenje, wina wa sokosi yotuwa, maso ake mabatani. Tsiku lachiwiri ndinaziyesa pabalaza. Ndinakamba nthano yonse ya chitsime, Kalulu akupusitsa alonda mmodzimmodzi, achimwene akumasulira. Ana anakhala phee mpaka pamapeto, kenako mkuluyo anafunsa bambo ake ngati angayatse TV. Ndinazibwezera m'chikwama ndili ndi manyazi.

Lachitatu masana ana a kuno sakhala kusukulu, ndiye alamu anati tipite ku Parc de la Tête d'Or. Tinakwera metro, sitima ya pansi pa nthaka, tinatsika pa siteshoni ya Masséna, n'kuyenda pang'ono. Mphepo yake ngati ya Dedza mu Juni. Pakiyo ndi yaikulu, mahekitala 117, muli nyanja yaing'ono ndi malo osungirako nyama olowa ulere. Ndivomere pano kuti kadyamsonga woyamba m'moyo wanga ndamuonera ku France. Musandiseke.

Koma chimene alamu anatitengera ndi Guignol. Ndi chidole chovala kudzanja, mutu wosema pamtengo, kachipewa kakuda, jekete lofiirira, katsitsi kolukidwa kakulendewera kumbuyo. Alamu, amene ndi mbadwa ya Lyon, anandifotokozera tili pamzere kuti anachiyambitsa ndi Laurent Mourguet cha m'ma 1808. Bamboyu anali woomba nsalu za silika, ntchito imene mzindawu unkadalira. Malonda a silika atagwa anayamba kuyenda m'misika, kenako n'kukhala wozula mano, ndipo zidole ankaziseweretsa pofuna kukopa anthu ndi kuwaiwalitsa ululu wa dzino. Mapeto ake anasiya mano n'kutsala ndi zidole. Guignol mwiniwakeyo ndi mmphawi woomba nsalu, lendi imamuvuta, mkazi wake Madelon samusiyira mpata, ndipo mnzake wapamtima ndi Gnafron, wosoka nsapato wa mphuno yofiira ndi vinyo. Ndinati anthu awa ndikuwadziwa, kwathu aliponso.

Sewero litayamba sindinamve mawu. Ndinayang'ana ana. Ndipo apa ndi pamene ndinaona chimene ndinalakwitsa pabalaza paja.

Guignol amadzipusitsa. Wakuba amatulukira kumbuyo kwake, ana onse akumuona, iye yekha ndiye sakumuona. Anawo amadzuka m'mabenchi, kukuwa mpaka misempha kutuluka m'khosi: "Derrière toi! Derrière toi!", kutanthauza kuti kumbuyo kwako. Iye amatembenukira mbali yolakwika. Amafunsa kuti kuti? Uku? Phokoso limawirikiza. Akatembenuka bwino, wakuba uja wabisala, ndipo Guignol amawadzudzula ana kuti akumunamiza. Kamphwanga kaja, kamene ndimati n'kamanyazi, kanali kataimirira pabenchi, nkhope ili psuu, kakuloza ndi manja onse awiri. Ndodo itayamba kulira pamutu pa wakubayo, kanagwa ndi kuseka.

Ine mphunzitsi wa zaka zambiri ndinaiwala zimene agogo ankadziwa. Nthano siyamba mpaka omvera atayankha. Ukati "padangokhala", umadikira "tili tonse", ndipo akasiya kuvomera ndiye kuti agona. Pabalaza ndinawapatsa anawa Kalulu wodziwa zonse, wochenjera kuposa aliyense, woyankhula chiyankhulo chimene sakumva. Iwo ntchito yawo inali yotani? Kungokhala.

Titatuluka, alamu anapita kukagula zakumwa zotentha, ine ndinatsala ndi ana pabenchi. Zidole zinali m'chikwama chomwecho chiyambire tsiku lachiwiri. Ndinayala chitenje pamsana pa benchi, ndinagwada kuseri kwake pa udzu wonyowa, mawondo akudandaula. Kalulu ndinamusiya kukhala wochenjera. Ndinamupatsa chidutswa cha buledi wawo wautali uja wonga mzimbe, akudya mwamtendere, akuimba. Fisi anatulutsa mphuno kumbuyo kwake, pang'onopang'ono, n'kubwerera. Anatulukanso.

Poyamba kunali zii. Ndinati basi, ndachitanso manyazi, pano pagulu. Kenako ndinamva kamawu kakang'ono: "Derrière toi."

Kalulu anayang'ana kumwamba. Anayang'ana pansi pa benchi. Anafunsa m'Chichewa chenicheni kuti "Kuti? Ndani?" ndipo palibe amene anafuna womasulira. Fisi anakwatula buledi, Kalulu analira mokweza ngati pamaliro, ana anaphulika. Nditasuzumira pambali pa chitenje ndinapeza kuti salinso awiri. Panali ena asanu kapena asanu ndi mmodzi, makolo awo ataima chapatali ndi njinga ndi timangolo ta makanda. Kamtsikana kena kanabwera n'kumumenya Fisi pamphuno ndi tsamba. Dzanja ndi langa lomwe lija, lakuda, lachilendo, limene mwina akanaliopa ndikanalitambasula kuti tipatsane moni. Litavala sokosi analigwira, analikoka makutu, wina analipsompsona.

Ndinayesa mwayi. Kalulu anati "padangokhala", n'kuika dzanja kukhutu, kudikira. Mkulu uja anayang'ana, akukumbukira za pabalaza, n'kunena monyinyirika kuti "tili tonse". Kalulu anadumpha ndi chimwemwe, n'kubwerezanso. Ulendo wachitatu gulu lonse linavomera, ana a anthu osawadziwa, ena akuti "tili tonsi", ena akungotulutsa phokoso lofanana nalo. Sakudziwa tanthauzo lake, ndipo ine sindinawauze. Mayi wina anandifunsa kanthu, ndinangomva mawu oti Afrique, ndinati "Malawi", iye anagwedeza mutu mwaulemu ngati munthu amene akaliyang'ana pa mapu akafika kunyumba.

Chinthu chimodzi ndachikana. Ana ankafuna kuti Kalulu atenge ndodo amukwapule Fisi monga amachitira Guignol, mpaka wina anandibweretsera kamtengo. Ndodo ya Guignol ili ndi mbiri yake, ndi mmphawi akubwezera amene amamupondereza, ndipo anthu a kuno akhala akuisekerera zaka zoposa 200. Koma Kalulu wathu sapambana ndi chibonga. Ndinamusiya kuti amunamize Fisi kuti m'chikwama changa muli nyama, Fisi analowetsa mutu, kamphwanga kaja n'kutseka zipi. Anaombera m'manja chimodzimodzi.

M'chipwirikiticho diso limodzi la Fisi linathothoka. Tinalifuna muudzu mpaka alamu atabwera ndi makapu, osalipeza. Ulendo wonse wobwerera mu metro kamnyamatako kananyamula Fisi wa diso limodzi pachifuwa, kakumunong'oneza zinthu m'Chifalansa. Ine sikanandiyang'ane. Koma kanakhala pamiyendo panga, poti Fisi sayankha popanda dzanja la tata.

Titadya, ndili kukhitchini kutsuka mbale, ndinamva kundikoka chitenje. Kanatambasula dzanja: batani lakuda, lalikulu, ulusi ukulendewera. Kanaloza Fisi, kanaloza batani, n'kunena kuti "tata, tiye". Alamu anandibwereka singano ndipo ndasoka kakuyang'anira, mpweya wake uli pakhosi panga. Fisi tsopano ali ndi diso limodzi laling'ono ndi lina lotong'oka, ndipo wagona m'bedi mwa mwini wake watsopano.

Batanilo ndalizindikira. Ndi la jekete limene achimwene amavala kuntchito, lapachikidwa pakhomo apo. Anyamuka 6 koloko m'mawa, ndipo ine sindinena kanthu.