Bokosi la ahedi

Ukalipentala ndinauyamba mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Aphunzitsi anzanga ena anayamba kuweta nkhuku, ena kugulitsa kaunjika. Ine ndinagula sowo, hamala, puleni yakale ndi tepi, n'kumanga kashedi kuseri kwa nyumba yathu ku Area 25. Mphunzitsi wanga anali YouTube. Vuto la YouTube ndi loti bandulo imatha mzungu uja asanafike pa mfundo yeniyeni, ndiye zotsalazo ndinkamalizitsa ndi nzeru za m'mutu mwanga.

Zopanga zangazo sindinkagulitsa, ndinkangopatsa anthu. Nthawi imeneyo ndinkati ndine woolowa manja, koma pano ndimavomera kuti panalibe amene akanagula. Alamu anga ndinawapangira mpando umene unkagwedera. Ndinadula mwendo wautaliwo, wina n'kutalika. Ndinadula umenewonso, winanso n'kutalika. Pamene ndinkaupereka n'kuti utasanduka kampando kokhalira potsuka mbale. Mphunzitsi wa masamu ndinamusemera bawo. Bawo imakhala ndi mizere 4 ya maenje 8, onse pamodzi 32, koma pa yangayo mzere umodzi unali ndi maenje 7 chifukwa thabwa linandithera. Munthu wa masamu sangalephere kuwerenga. Anawerenga kawiri, n'kunena kuti zikomo, ndipo mpaka lero amaikamo mtedza.

Ndiye inafika nthawi yoti ahedi athu apume pa ntchito, atakwanitsa zaka 60. Anzanga anagwirizana zosonkha ndalama zogulira bulangete ndi wotchi yapakhoma. Ine ndinasonkha nawo, koma mumtima ndinkati munthu wotere sangatsanzikidwe ndi zinthu za m'sitolo zokha. Ahediwo ankakonda kunena mu stafu rumu kuti, "Ndikadzapuma ine, ntchito yanga idzakhala imodzi, kugona pakhonde ndi wailesi." Mawu amenewo ndi amene anandipweteketsa. Ndinali nditaonera kanema wa benchi yaitali yokhala ndi chivundikiro, pamwamba munthu kugonapo, m'kati kusungamo mabuku ndi manyuzipepala. Ndinati basi, mphatso ndi imeneyi.

Kuti munthu agonepo bwino pafunika kudziwa msinkhu wake. Ndinaimbira mayi a kunyumba kwawo.

"Mayi, ndimafuna kudziwa kutalika kwa bambo, kuyambira kumutu mpaka kumapazi."

"Mukufunira chiyani aphunzitsi?"

"Ndi chinsinsi mayi. Chonde iwo asadziwe."

Mayiwo anaseka, n'kunena kuti amva. Patapita masiku awiri mwana wa sukulu anandibweretsera chingwe chomanga mfundo mbali zonse ziwiri. Mayiwo anawayeza bambo usiku ali mtulo. Ndinawonjezerapo pang'ono kuti asapanikizike, zinakwana mafiti 6.

Mtima wanga unali pa mlombwa, mtengo uja ukautema umatuluka utomoni wofiira ngati magazi, ndipo chiswe chimauopa. Koma aka kanali kanthawi kochepa kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nditamva mtengo wa thabwa limodzi la mlombwa ndinafunsa za mbawa, nditamva wa mbawa ndinafunsa ngati pali madzi akumwa. Mkungudza wa ku Mulanje sindinautchule n'komwe, umenewo watsala pang'ono kutheratu ndipo ukapezeka nawo umafotokoza kupolisi. Ndinagula paini wa ku Chikangawa. Mnyamata wogulitsayo analumbira kuti, "Wouma uyu bigi, gwa!" Matabwawo ankalemera ngati anyowa ndi mvula, ndipo utomoni unkamata m'manja, koma ndinamukhulupirira chifukwa ananditchula kuti bigi.

Tsopano mumve za tepi yanga. Kachitsulo ka kumapeto kake kanathothoka kalekale, ndiye poyeza ndimayambira pa 10, kenako n'kuwonjezera 10 kumapeto. Thabwa lotseka mbali imodzi ndinaliyeza bwinobwino, masentimita 50. Ndikuyeza la mbali inayo, akazi anga anandiitana kuti ndikaone mbuzi ya aneba ikudya masamba m'dimba. Nditabwerako ndinaiwala kuwonjezera 10 uja. Sowo sifunsa. Thabwa linatuluka masentimita 40, ndipo lina lapadera ndinalibe. Ndinakhoma choncho. Benchi inakhala yotambalala mbali imodzi, n'kumanka ichepa mbali inayo. Ndinaiyang'ana n'kunena kuti imeneyi ndi sitayelo.

Zotsatira zonse ndinkazichita ndi zifukwa zomveka, ndipo ndikupempha kuti mundimvetse. Paini ndi woyera mbuu, ndiye ndinaupaka mankhwala oderako kuti uzioneka ngati mlombwa, pamwamba vanishi katatu mpaka kumadziona nkhope. M'kati munali mokhakhala chifukwa sandipepa anandithera, ndiye ndinayalamo nsalu yoyera yotsala pa makatani, n'kuikhomera ndi timisomali mwaluso. Chinthucho chinkalemera, ndiye chinafunika zogwirira. Ndinapita ku Mchesi, kumene akalipentala ali mbali zonse za msewu, n'kufunsa zogwirira zolimba 6, zitatu mbali iyi zitatu mbali inayo. Bambo wogulitsayo ananditulutsira zonyezimira ngati golide, anatsitsako mtengo ndisanapemphe, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pepani kwambiri bambo." Ine ndinayesa akupepesa kukwera kwa zinthu. Ndinayankha kuti, "N'zosowetsa mtendere, koma titani, zafika ponseponse."

Akazi anga analowa m'shedi tsiku limene ndinamaliza. Anaima pakhomo atagwira pakamwa.

"Abambo, chinthuchi mwachiyang'anitsitsa koma?"

"Mwezi wathunthu ndakhala ndikuchiyang'ana."

"Ana asachione usiku," anatero, n'kutuluka chobwerera m'mbuyo.

Ndinati ndi nsanje, poti iwo shelefu ya kukhitchini anaipempha chaka chatha ndipo inali isanapangidwe. Komanso shedi yanga ndi yopanikiza. Mwezi wonsewo chinthucho ndinkachionera pafupi, pano msomali, apo hinjesi. Ndinali ndisanachionepo chonse nditaima patali.

Tsiku lokapereka linali Loweruka. Ahedi anali asanabwere kusukulu kuyambira Lachitatu chifukwa BP inakwera, ndipo ndinaganiza kuti mphatsoyo iwatsitsimula. Ndinalemba uthenga wopita kwa adepyute, amene anali munthu yekhayo kusukulu wodziwa za benchiyo: "Bokosi la ahedi latheka. Tikunyamuka nalo pano kupita ku Kawale. Amene angathe tikumane konko, pakufunika anthu 6 onyamula." Chala changa chinaphonya. Uthengawo unapita pa gulu la WhatsApp la aphunzitsi onse. Ine osadziwa, ndipo foni inathima nthawi yomweyo poti magetsi kunalibe usiku wonse.

Dalaivala wa pikapu imene ndinachita hayala atangoona katunduyo anavula kapusi n'kuzimitsa nyimbo.

"Anali ndani wanu, bigi?"

"Bwana wanga kuntchito."

"Adwala nthawi yaitali?"

"Ayi, kuyambira Lachitatu lomweli. BP."

"Eee, BP ndi yoipa."

"Komabe agwira ntchito zaka zambiri. Nthawi yawo yopuma yakwana."

"Zoona bigi. Akapume."

Ndinaona kuti ndapeza dalaivala waulemu. Ndinakwera kumbuyo kuti ndizigwirizira katundu, dzanja limodzi pa chivundikiro. Galimoto inkayenda pang'onopang'ono itayatsa mahazadi, ine n'kumati mnyamatayu akusamala vanishi. Pa Kanengo bambo wina anatsika pa njinga n'kuima. Amayi ogulitsa nthochi anasiya kuitanira malonda. Ngakhale minibasi, imene siipatsa njira munthu aliyense pa dziko lino, inatipatsa njira. Ndinawaweyulira dzanja onsewo ndikumwetulira. Ndinkati anthu a mu Lilongwe ayamba kuzindikira ntchito yamanja.

Masiku amenewo mafuta ankavuta. Dalaivala anati tidutse pa filing'i sitesheni ina chifukwa geji yagona. Mzere wa magalimoto unali wautali osaona kothera. Koma mlonda atasuzumira kumbuyo kwathu anayamba kukuwa kuti, "Apatseni mpata awa! Ali ndi zovuta awa!" Anthu amene anagona pa mzerewo anatipatukira popanda wodandaula ngakhale mmodzi. Ndinatsika kuti ndiwongole miyendo. Bambo wina wachikulire wa jekete anabwera, anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, n'kundifumbatitsa K2,000. "Pepani mwana wanga. Mulungu akulimbikitseni."

Ndinacheuka. Ndinali nditaima mwina mapazi khumi kuchokera pa galimoto, ndipo aka kanali koyamba kuiona ntchito yanga yonse bwinobwino, dzuwa likuwala pa vanishi. Mafiti 6. Kumutu kotambalala, kumiyendo kochepa. Zogwirira zagolide zitatu zikunyezimira. Kansalu koyera katasuzumira pansi pa chivundikiro.

Miyendo inazizira. Ndinathamangira kwa dalaivala n'kumunong'oneza kuti, "Achimwene, si maliro ayi. Ndi benchi."

Anandiyang'ana, anayang'ana mzere uja, anayang'ana paipi imene inali itangolowa kumene m'thanki. "Bigi, weramani. Musayankhule. Anthu awa agona pano masiku awiri, akamva zoti ndi benchi maliro achitikadi."

Ndinawerama. Ndikuvomera pamaso pa nonse kuti ndinapukutanso m'maso. Bambo wa jekete uja ndinamufunafuna ndi kona ya diso kuti ndimubwezere ndalama yake, koma anali atalowa kale m'chigulu.

Njira yonse yotsalayo ndinkakonza mapulani. Tikalowera kuseri, ndikazula zogwirira, ndikang'amba nsalu, ndikayalapo chitenje pamwamba, palibe adzadziwe. Titakhota kulowa kamsewu ka kwa ahedi, ndinaona kamnyamata kakuchotsa nthambi zamasamba zimene wina anali atayala kale pamsewu. Pabwalo panali anthu osachepera 40. Aphunzitsi aakazi atavala zitenje ndi mipango kumutu. Wina atasenza ndowa ya ufa, wina mtolo wa nkhuni. Amayi a kwaya ya kutchalitchi kwawo ataima pansi pa mtengo wa mango, mabuku a nyimbo ali m'manja. Ndipo pakhonde, pa mpando wapulasitiki, atavala vesiti ndi patapata, panali ahedi eni ake, amoyo, akundidikira.

Zimene zinachitika ndisanafike ndinazimva pambuyo pake. Foni ya ahedi inali yozimitsa chifukwa adokotala anati apume. Mayi anali kumsika. Adepyute, amene akanatha kuzimitsa motowo, anali ku ukwati ku Dedza. Woyamba kufika anali madamu a Chichewa, amene anayambira kulira pa geti, mokweza, motchula ndi mfunda womwe. Ahedi anadzuka kukatsegula chitseko kuti aone kwagwanji. Madamuwo nsapato imodzi anakaitola mawa lake.

Galimoto itaima panalibe woyankhula. Ngakhale nkhuku zinakhala chete. Ahedi anakweza dzanja.

"Anthu 6 aja ali kuti? Tsitsani. Si zimene munaitanidwira?"

Anatsitsa, ndipo mwatsoka ananyamula mwaulemu ndithu, atatu uku atatu uko, mapazi akuyendera limodzi. Mayi wina wa kwaya anayamba kung'ung'udza nyimbo mosazindikira, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. Ndinayamba kufotokoza kuti ndi benchi, pamwamba pogona, m'kati mosunga mabuku, koma liwu loti pogona litangotuluka ndinaona kuti ndikuwonjezera mlandu.

Ahedi anazungulira bokosilo kawiri, manja ali kumbuyo ngati akuyendera mayeso. Anatsegula chivundikiro, anakhudza nsalu, anatseka. Anagogoda pambali. Kenako anakanda pakona ndi chikhadabo mpaka choyera cha m'kati chinaonekera.

"Aphunzitsi, mtengo wanji uwu?"

"Paini, bwana."

"Paini." Anatembenukira ku gulu lija. "Zaka 36 ndikudya fumbi la choko. Ndaphunzitsa madokotala, ndaphunzitsa maloya. Munthu uyu ndinamulandira ndine pa sukulu paja alibe ndi tayi yemwe. Lero akundiika m'paini."

Anthu anaphulika. Madamu a nsapato imodzi aja anaseka mpaka kukhala pansi. Ine ndinayamba kupuma bwino, ndikuganiza kuti zatha. Nthawi yomweyo mayi anatulukira kuchokera kumsika, jumbo ya tomato ili m'manja. Anayang'ana bokosi, anayang'ana ine.

"Aphunzitsi! Chingwe chija munkafunira zimenezi? Ine ndimayesa mukusoketsa suti!"

Ahedi anasiya kuseka. "Chingwe chanji?"

Zimene mayi anafotokoza pamenepo, zoti anadikira bambo agone n'kuwayeza kuyambira kumutu mpaka kuchidendene, anazifotokoza okha. Ine ndinali kalikiliki kuzula zogwirira ndi sikuludiraiva yobwereka.

Poti ufa ndi nkhuni zinali zitabwera kale, amayi anangosonkha moto. Tinadya nsima ya nyemba ndi kabichi, ndiwo zenizeni za pamaliro, mwini maliro akupempha ina. K2,000 ija ndinaipereka kwa ahedi, poti kunena zoona inali yawo. Anailandira, anaiyang'ana mbali zonse, n'kufunsa ngati panalibe ena anaponyapo.

Bokosilo m'nyumba silinalowe, pakhonde mayi analikana. Lili kuseri, amasungiramo madeya a nkhuku. Pofika Okutobala dzuwa linaumitsa paini uja, matabwa anafota m'mbali mpaka kusiya mipata yolowa chala, chivundikiro n'kupindika ngati bwato. Adepyute akupuma chaka chamawa, ndipo anandiitanira kale mu ofesi n'kundiuza kuti iwo khadi yokha iwakwanira.

Dalaivala uja nambala yanga anaisunga. Mafuta atasowanso anandiimbira usiku.

"Bigi, benchi ija ilipo? Ndimafuna kubwereka mawa lokha, ndi zogwirira zake zomwe."