Loweruka la maroketi a madzi ku Mufakose

Lero ntchito inali pabwalo la mpira ku Mufakose mumzinda wa Harare, kuyambira 9 koloko m'mawa. Kunabwera ana a Sande sukulu, achinyamata a ku sekondale, ndi makolo amene anati akungoperekeza ana koma anakhalira pomwepo. Gulu lililonse linayenera kupanga roketi ya botolo, kuiulutsa, kenako kuyeza lokha kuti yafika pati. Kuyezako ndi kumene timaumirira kwambiri. Roketi ikakwera aliyense amakuwa ndi kuomba m'manja, koma mwana amayamba kufunsa mafunso enieni akaona kuti yake yakwera mamita 18 pomwe ya mnzake yakwera 26.

Roketi imodzi imafuna mabotolo awiri a malita awiri, a zakumwa za gasi. Mabotolo a madzi akumwa kapena a mafuta ophikira tinawabweza, chifukwa sanapangidwe kuti azisunga mpweya wopanikizika. Botolo loyamba ndi thanki, ndipo silidulidwa, silibooledwa, silikandidwa ndi mpeni, komanso silimatidwa ndi guluu wotentha chifukwa kutentha kumafinyaza pulasitiki n'kuifewetsa. Lachiwiri mumalidula cha m'mapewa, chidutswa chosongokacho n'kuchiveka kumatako kwa thanki kuti chikhale mphuno. M'thankimo mumathira madzi, n'kutseka pakamwa, n'kupoperamo mpweya ndi pampu mpaka chotsekera chitafwamphuka. Roketi imauluka chozondoka, kamwa la thanki lili pansi.

Chotsekera pakamwa ndi chitsekerero cha botolo la vinyo. Kamwa la botolo ndi lalikulu pafupifupi mamilimita 22, choncho mumachikulunga ndi tepi yakuda ya magetsi mpaka chizilowa mokakamiza. Pakati pake mumaboola n'kulowetsa valavu ya tayala la galimoto la tubeless, imene imapezeka kwa okonza matayala m'mbali mwa msewu kapena ku Magaba ku Mbare. Bowo lichepe pang'ono kuposa valavuyo, ndipo chitsekererocho chidulidwe kuti valavu itulukire mbali inayo. M'mawa gulu lina linapopa mpaka thukuta kamukamu koma geji ya pampu yoyezera mpweya osasuntha. Titayang'ana, madzi ankachita thovu m'mbali mwa valavu chifukwa bowo linakula. Sanachitire mwina koma kusema chitsekerero china.

Mavuto ambiri a lero anali pa zipsepse ndi mphuno. Zipsepse za katoni wamba zimanyowa ulendo woyamba womwewo n'kulendewera, ndiye ndi bwino kudula m'mabokosi a juwisi kapena m'mapulasitiki olimba a zikwangwani zakale. Zikhale zitatu kapena zinayi, zofanana, zomatidwa cha kukamwa kwa thanki. Kuti zitalikirane mofanana, zungulizani kapepala pabotolo, kapindeni patatu kapena panayi, muike chizindikiro pa mpindo uliwonse. Chipsepse chimodzi chikapendekeka, roketi imakwera mozungulira ngati yaledzera. M'mphuno muikemo dongo kapena mchenga wa m'kajumbo, magalamu 50 mpaka 80, muumate kuti usamasewere. Ana ambiri safuna kumva zimenezi, amati kulemera kuibweza pansi. Koma botolo lopanda kanthu m'mphuno limangoti likachoka pansi n'kuyamba kupidiguka, mphepo n'kuliimitsa lisanapite patali. Roketi imawongoka pokhapokha kulemera kwake kuli kutsogolo, ndipo malo amene mphepo imagwira kwambiri, omwe ndi zipsepse, ali kumbuyo.

Pali njira yodziwira zimenezi musanataye madzi. Pezani pamene roketi yopanda madzi imakhazikika pa chala, mangani chingwe pamenepo, muizunguze pamwamba pa mutu. Mphuno ikamatsogola ndiye kuti zili bwino. Ikamayenda cham'mbali kapena chafutambuyo, onjezani dongo kapena kulitsani zipsepse. Mtsikana wina wa Giredi 6 anachita zimenezi akuonjezera dongo pang'onopang'ono, lilime lili panja, mpaka botolo lake linasiya kugwedeza mutu. Roketi yake ndi imene inauluka mowongoka kuposa zonse.

Za chitetezo sitinyengerera. Payipi ya pampu ikhale yotalika mamita asanu, oonerera akhale mamita 10 kumbuyo kwa wopopa, ndipo pasapezeke woweramira pa botolo limene lili ndi mpweya. Geji ikafika 60 psi (psi ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya) chitsekerero chisanafwamphuke, siyani kupopa ndipo tulutsirani mpweyawo kupampu. Roketi ikanyamuka, maso onse akhale kumwamba mpaka itagwa.

Cha m'ma 11 tinayesa kuchuluka kwa madzi: mamililita 300, 700 ndi 1,200. Ya madzi ochepa inalira kwambiri koma sinapite patali, chifukwa inalibe choti iponye kumbuyo. Ya madzi ambiri inanyamuka mwaulesi, n'kupendama ikulavulabe madzi. Inali yolemera, komanso mpweya unali wochepa moti mphamvu yake inatha madzi asanathe. Ya 700, lomwe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo, ndiyo inapambana. Dziwani kuti chitsekerero chimafwamphuka nthawi imene chafuna, mwina pa 25 psi mwina pa 40, malinga ndi mmene mwachikanikizira. Pakhale munthu woyang'ana geji n'kulemba, ndipo muziyerekeza maulendo okhawo amene mpweya wake unali wofanana. Pa 40 psi madzi amatuluka pa liwiro loposa makilomita 80 pa ola ndipo amatha lisanakwane theka la sekondi. Ulendo wonse wotsalawo roketi imangoyendera liwiro limene yatenga m'kanthawi kameneko. Mukaitola msanga ikangogwa, mupeza botolo likuzizira ndipo m'kati muli kankhungu koyera. Mpweya ukafutukuka mwadzidzidzi umazizira, chinyontho chake n'kusanduka nkhungu. Ana ankalimbirana kuliika patsaya.

Poyeza kutalika tinagwiritsa ntchito protractor ya m'kabokosi ka masamu, yomatidwa pa rula, ndi ulusi womangidwa pakati pake wokhala ndi nati kumapeto. Woyeza amaima mamita 30 kuchokera poulutsira, amalondola roketi ndi rulayo, ikafika pamwamba penipeni amatsina ulusi n'kuwerenga. Rula ikagona mowongoka ulusi umakhala pa 90, ndiye nambala imene mwawerenga muichotse pa 90. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Ulusi ukaima pa 50, ngodya yanu ndi madigiri 40. Kenako chulukitsani mamita 30 aja ndi nambala ya ngodyayo: 0.58 pa madigiri 30, 0.84 pa 40, 1 pa 45, 1.19 pa 50, 1.73 pa 60. Pa madigiri 40 mupeza mamita 25, muonjezepo kutalika kwa woyezayo kufika m'maso. Mphepo ya Ogasiti itayamba masana, manambala anayamba kusiyana kwambiri, chifukwa roketi ya zipsepse zikuluzikulu imakhotera kumene mphepo ikuchokera. Ikabwera cha kwa woyeza imaoneka ngati yakwera kwambiri, ikamuthawa imaoneka yotsika. Tinaika oyeza awiri moyang'anizana n'kutenga nambala ya pakati.

Agogo ena aamuna, amene anakhala chete m'mawa wonse pansi pa mtengo, anakweza ndodo. "Aphunzitsi, mwati kumwambako kulibe mpweya. Nanga zenizenizo zimaponda pa chiyani kuti zipite?" Mmodzi wa ife anawayankha kuti, "Agogo, munatsikapo m'bwato modumpha? Inu mukamapita kumtunda, bwato limabwerera m'madzi." Roketi siponda mpweya wakunja. Imaponya kumbuyo zimene yanyamula, ndipo izo zimaikankhira kutsogolo. Botolo limaponya madzi, roketi yaikulu imaponya mpweya wotentha wa mafuta amene yawotcha. Lamulo limeneli analilemba Isaac Newton mu 1687, ndipo limagwira ntchito ngakhale kumene kulibe mpweya.

Funso la agogowo linatifikitsa pa ZIMSAT-1, setilaiti yoyamba ya Zimbabwe. Tinapinda katoni ya masentimita 10 mbali zonse n'kuiyendetsa m'manja mwa anthu, chifukwa kukula kwake kunali komweko. Inapangidwa ku Kyushu Institute of Technology ku Japan, m'pulogalamu ya BIRDS-5 momwe munalinso setilaiti ya Uganda, ndipo akatswiri a ku Zimbabwe anagwira nawo ntchitoyo. Inanyamuka ku Virginia ku America pa 7 Novembala 2022 kupita ku International Space Station, sitesheni ya m'mlengalenga momwe mumakhala anthu, n'kudzatulutsidwa kumeneko mu Disembala chaka chomwecho. ZIMSAT-2 inatsatira mu Novembala 2024 kuchokera ku Vostochny ku Russia.

Sitesheniyo ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400, womwe sukufika n'komwe pa ulendo wa pamsewu wochoka ku Harare kupita ku Bulawayo. Tinatenga mpira wamiyendo kuti ukhale dziko lapansi. Pa muyeso umenewo sitesheni ili mamilimita asanu ndi awiri okha kuchokera pachikopa cha mpira, pomwe mwezi ndi kampira ka tenesi koikidwa mamita asanu ndi limodzi ndi theka uko. Chovuta kwambiri si kukwerako ayi, koma liwiro. Kuti chinthu chisagwerenso pansi chiyenera kuthamanga cham'mbali makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, n'kumazungulira dziko mphindi 90 zilizonse. Mayi wina anawerengera pafoni nati ndiye kuti anthu a m'sitesheniyo dzuwa limawatulukira ka 16 patsiku, ndipo analondola.

Tisanabalalike tinayang'ana mathanki onse padzuwa. Lililonse lokhala ndi mzere woyera pamene linapindika pogwa, kapena lokandika pa miyala, tinalidula pomwepo kuti likhale mphuno, lisadzapopedwenso. Otsalawo asungidwe m'nyumba, chifukwa dzuwa limaumitsa pulasitiki. Amene mudzabwere Loweruka likubwerali mutenge mabotolo awiri otsuka, protractor, ndi kope limene mwalembamo manambala a lero, chifukwa tidzasiya madzi pa 700 n'kumasintha kukula kwa zipsepse kokha.